Sukulu ya pa holide: ndi chiyani, ndipo imamuthandiza bwanji mwana wa m'banja losauka?

Teremu yachitatu ikamatha kumapeto kwa Julaye, pamitengo ya magetsi ndi pazipupa za magolosale ku Matawale, ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino pamayamba kuoneka timapepala toitanira ana ku "summer school". Mawu omwewa mudzawamvanso pazolengeza za kutchalitchi kapena kumzikiti, koma kumeneko amakhala akunena za maphunziro aulere a ana ovutika, okonzedwa ndi bungwe lina kapena ndi anyamata ndi atsikana a ku yunivesite omwe ali pa tchuthi. Mayi ena amene ndimagulako tomato mumsika wa Zomba anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi achimwene, imeneyi si patitaimu yomwe ija, angoisintha dzina?" Ndinawayankha mwachidule chifukwa panali makasitomala ena, koma funso lawolo ndi lofunika kulikhalira pansi.

Dzinalo linachokera kuti

Summer ndi nyengo yotentha ya ku America ndi ku Ulaya, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene sukulu za ku America zimatseka kwa miyezi iwiri ndi theka kapena itatu. Kuno kwathu Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, chisanu chikungotha kumene. Koma chiyambire 2010, pamene chaka cha sukulu chinasinthidwa kuti chiziyamba mu Seputembala n'kutha mu Julaye, holide yathu yaitali imagwera nthawi imodzi ndi yawo, ndiye dzinalo tinangolitengera momwemo.

Pansi pa dzina limodzili pali zinthu zosiyana. Patitaimu tonse timaidziwa: kholo lilipira, mphunzitsi abwereza silabasi kapena ayambiratu ntchito ya kalasi ya mtsogolo, maso onse ali pa mayeso a MANEB. Ndi malonda, ndipo amene alibe ndalama mwana wake amatsala kunyumba. Chimene tikukamba pano ndi china. Akatswiri amachitcha enrichment, kutanthauza kumuonjezera mwana zimene pakhomo pawo sangazipeze: mabuku oti awerenge, munthu womumvetsera akamawerenga, masamu ophunzira ndi zinthu zogwira m'manja, masewera, ulendo wokaona malo amene sanafikepo. Kholo sililipira kanthu, kapena limangothandiza ndi nkhuni ndi kuphika phala.

Maganizowa si atsopano. Pulogalamu ya Head Start ya ku America inayamba mu 1965 ngati maphunziro a masabata 8 a pa holide, ndipo chaka choyambacho inafikira ana a m'mabanja osauka oposa theka la miliyoni omwe anali pafupi kuyamba sukulu. Ina yotchedwa Upward Bound, ya zaka zomwezo, imatenga ana a sekondale a m'mabanja osauka kukakhala pa koleji masabata 6, kuti koleji asamangoimva m'kamwa mwa anthu. Tangoganizani mwana wa ku Chikanda, amene amadutsa pa Chirunga tsiku ndi tsiku koma sanalowepo mu laibulale ya University of Malawi, atapatsidwa mwayi wotere.

Chimene chimatayika sukulu ikatseka

Njira imene anthu asiya kudutsamo imamera udzu. Luso lowerenga ndi la masamu limateronso, makamaka kwa mwana amene wangoligwira kumene. Mu 1996 katswiri wina wa ku America, Harris Cooper, ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri napeza kuti ana amabwerera ku sukulu atabwerera mmbuyo pafupifupi ndi mwezi umodzi wa maphunziro. Masamu amathawa kwa ana onse. Kuwerenga ndiye kunaonetsa kusiyana: ana a m'mabanja opezako bwino sankatsika kwambiri, pena ankakwera kumene, pamene a m'mabanja osauka ankatsika.

Mumzinda wa Baltimore ku America, akatswiri Karl Alexander, Doris Entwisle ndi Linda Olson anatsatira ana pafupifupi 800 kuchokera pamene anayamba sukulu mu 1982 mpaka atakula. Iwo anaona kuti sukulu ikakhala yotsegula, mwana wosauka ndi mwana wolemera amapita patsogolo pafupifupi mofanana, koma kusiyana kumakula pa holide. Analifotokoza ndi fanizo la mpopi, limene ife tingalimve bwino kuposa eni ake. Sukulu ili ngati mpopi wa pakiyosiki: ukatseguka, aliyense amatunga. Ukatsekedwa, amene ali ndi chitsime pakhomo amapitiriza kumwa, pamene mnzake ndowa yake imakhala youma mpaka tsiku lodzatsegulanso. Chitsime cha pakhomo ndi nyuzipepala imene bambo agula, magetsi owerengera usiku, mlongo wake wa Fomu 3 womuthandiza, ndalama ya patitaimu.

Si akatswiri onse amene amavomereza kukula kwa vutoli. Paul von Hippel, mu 2019, anaonetsa kuti ziwerengero za ku Baltimore zinadalira kwambiri mtundu wa mayeso amene ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo, ndipo mayeso amakono amaonetsa kuti kusiyana kwakukulu kumakhala kulipo kale mwana asanalowe n'komwe Sitandade 1. Mkanganowu sunathe. Chimene mbali zonse zimagwirizana n'chakuti pa holide ana amaphunzira pang'onopang'ono kapena kuiwala kumene, ndiponso kuti masabata amenewa ndi mpata woti mwana wotsalira afikeko pamene pali anzake.

Nanga kwathu kuno, kumene holide yake ndi ya masabata 6 kapena kuposerako pang'ono? Funso limeneli linafufuzidwa. Mu 2017 Timothy Slade, Benjamin Piper, Zikani Kaunda ndi anzawo anatulutsa zimene anapeza atayerekeza kuwerenga Chichewa kwa ana a m'Malawi kumapeto kwa chaka ndi pachiyambi cha chaka chotsatira, pochoka Sitandade 1 kupita 2 ndi pochoka 2 kupita 3. Ana anabwerera mmbuyo moonekeratu, anyamata ndi atsikana chimodzimodzi. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 2 amazidziwa izi popanda kafukufuku: masabata oyamba a Seputembala amathera pa kukumbutsa a, e, i, o, u. Ndipo amene anali m'kalasi sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kapena mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ena kukhala misasa ya anthu othawa madzi, anaona vuto lomweli litakula kangapo.

Ogasiti wa mwana wa ku Zomba

Tisaganize kuti mwana wa m'banja losauka amangokhala pa holide. Ali pa ntchito. Ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, anyamata amathandiza asodzi ndi kuyanika matemba. Ku Jali ndi ku Mayaka ndi nthawi yothyola nandolo, kuthirira kudimba ndi kutunga madzi oumbira njerwa. M'tauni muno mtsikana wa Sitandade 5 amayenda ndi beseni la mandasi kapena zitumbuwa, kapena amatsala ndi ana ang'onoang'ono mayi ake akapita ku geni. M'madera ambiri a boma lino ndi nyengonso ya zinamwali, jando ndi nsondo, zomwe mafumu ambiri anagwirizana kuti zizichitika pa holide kuti zisamasokoneze sukulu. Zonsezi ndi maphunziro mwa njira yake, ndipo zina ndi zimene zimabweretsa ufa pakhomo. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimamuika mwana pamaso pa chilembo.

Palinso nkhani ya m'mimba. M'sukulu zimene ana amalandira phala, monga zothandizidwa ndi Mary's Meals yomwe inayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, sukulu ikatseka miphika nayo imavundikiridwa. Kwa mwana amene phalalo linali chakudya chake choyamba cha tsiku, holide si mpumulo ayi.

Mmene pulogalamu yabwino imayendera

Tsiku loyamba si la kuphunzitsa. Ndi la kumva pamene mwana aliyense ali. Wophunzitsa amakhala pansi ndi mwana mmodzimmodzi, ali ndi pepala limodzi lokha: pamwamba malembo, kenako maphatikizo monga ba, nda, mphe, kenako mawu, kenako kandime kafupi, pomaliza kankhani. Mwana amawerenga mpaka pamene wakakamira. Kwa mphindi zisanu zokha zimadziwika.

Ndinaonererapo zimenezi pakhonde la kalasi ina cha ku Songani. Mtsikana wina amene anali atakhoza kupita Sitandade 5 anawerenga malembo onse mosadodoma, maphatikizo a zilembo ziwiri anawadutsanso. Atafika pa mawu akuti "nkhwangwa" anaima. Chala chake chinakhala pa n, chinapita pa k, chinabwerera. Anayang'ana pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Madamu, awa sitinaphunzire." Anawaphunzira ali Sitandade 2, koma m'kalasi la ana oposa 100 palibe amene anaona kuti sanawagwire. Mwana ameneyu mwezi wotsatira amayenera kuyamba kuphunzira sayansi ndi masamu m'Chingerezi, pamene Chichewa chake chomwe chinali chisanakhazikike papepala.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni ndi patitaimu. Ana sagawidwa potengera kalasi, koma potengera pamene anakakamira. Wa Sitandade 5 angakhale gulu limodzi ndi wa Sitandade 3 ngati onse akulimbana ndi maphatikizo, ndipo akangowagwira amasamukira gulu lina sabata yomweyo. Njirayi inatchuka ndi bungwe la Pratham la ku India, ndipo imatchedwa Teaching at the Right Level, ndiye kuti kuphunzitsa mwana kuyambira pamene iye ali, osati pamene buku likunena kuti akhale. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Michael Kremer, anaiyesa kwa zaka zambiri. M'chigawo cha Uttar Pradesh, misasa ya maphunziro ya masiku 40 mpaka 50, yogawidwa m'zigawo za masiku 10 kapena 20, inachititsa kuti ana otha kuwerenga ndime achuluke pafupifupi kawiri poyerekeza ndi a m'sukulu zimene munalibe misasayo.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa kafukufuku ameneyu ndi zimene zinachitika m'chigawo cha Bihar, ku India komweko, mu 2008. Aphunzitsi a boma anapemphedwa kuphunzitsa mwezi umodzi wa holide mwa njira imeneyi, ndipo ana anapita patsogolo. Koma njira yomweyo itaperekedwa kwa aphunzitsi kuti aigwiritse ntchito mkati mwa teremu, phindu silinaoneke, chifukwa anabwerera ku kuthamangitsa silabasi. Aphunzitsi ake amtundu womwewo, ana ake omwewo. Holide inawamasula ku chikakamizo choti buku lithe. Aphunzitsi athu nawo sikuti sadziwa kuti theka la kalasi latsalira. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi akhala odzaza, ndipo sikimu ya teremu sidikira munthu.

Tsiku la pulogalamu yotere silifunika kutalika. Maola atatu a m'mawa amakwana: kuwerenga m'timagulu ta ana 15 kapena 20, masamu a timiyala, zitsekerero za mabotolo ndi mitolo ya timitengo khumikhumi, kenako phala. Ikatsala nthawi ndi ya zimene zimamukoka mwana kuti mawa abwerenso: mpira, sewero, nthano za agogo a m'mudzimo zimene ana amazilemba okha, kuyeza munda ndi mapazi n'kuwerengetsa mizere, kapena kukwera phiri kukaona damu la Mulunguzi kumene madzi a m'mipopi ya m'tauni amachokera. Ena amaziona ngati zotayitsa nthawi. Koma mwana amene sanakakamizidwe ndi lamulo kubwera, akatopa nazo amangosiya.

Vuto lalikulu ndi kujomba

Bungwe la kafukufuku la RAND linafufuza mapulogalamu aulere a pa holide m'maboma asanu a ku America, kuphatikizapo Boston, Dallas ndi Pittsburgh, kuyambira mu 2013. Ana anasankhidwa mwa maere kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo. Mapulogalamuwo anali a masabata 5 kapena 6, ndipo munali chakudya ndi basi yaulere. Ngakhale zinali choncho, mwana mmodzi mwa asanu alionse olembetsa sanabwere ngakhale tsiku limodzi chaka choyamba, ndipo chaka chachiwiri osabwera anali pafupifupi theka. Phindu looneka bwino linali kwa amene anabwera masiku 20 kapena kuposa, poyamba pa masamu, kenako pa kuwerenganso atabwera maholide awiri otsatizana.

Ngati kumene kuli basi yaulere ana amajomba chonchi, kuli bwanji kumene tsiku limodzi la mwana m'kalasi likutanthauza beseni la mandasi losagulitsidwa? N'chifukwa chake okonza mapulogalamu amene amadziwa dera lawo amayamba ndi a mfumu, komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group asanagule ngakhale choko. Amafunsa tsiku la msika kuti alipewe, amafunsa masabata a chinamwali, amaweruka dzuwa lisanafike pamutu kuti mwana akagwireko ntchito za pakhomo. Kuti umphawi ndiwo umachotsa ana m'kalasi, umboni wake unapezeka konkuno. Mu 2008 ndi 2009 Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku m'boma la Zomba, kupereka kandalama pamwezi kwa atsikana ndi makolo awo. Atsikana amene ankalandira pokhapokha akamapita ku sukulu anajomba mochepa ndipo anakhoza bwino pa kumvetsa Chingerezi chowerenga. Sikunali kufufuza za holide, koma phunziro lake likugwiranso pano: nthawi ya mwana wosauka ili ndi mtengo, ndipo pulogalamu yaulere si yaulere kwa banja lake.

Ophunzitsa ndi zipangizo

Zomba ili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education kumene amakonza mabuku a sukulu, ku Chirunga kuli ophunzira ambirimbiri, m'midzi muli achinyamata amene analemba MSCE ndipo akudikira zotsatira. Zimene Pratham anapeza n'zakuti munthu wongodzipereka, ataphunzitsidwa masiku ochepa ndi kumayenderedwa pafupipafupi, angathe kuphunzitsa malembo, maphatikizo ndi kuphatikiza manambala. Masamu a Sitandade 7 kapena sayansi ya Fomu 2 ndiye zimafuna mphunzitsi weniweni, ndipo naye ali pa tchuthi chake, sangagwire ntchito ndi zikomo yekha. Zoterezi si zachilendonso kuno: Save the Children inayambitsa Literacy Boost m'sukulu zina za boma la Zomba mu 2009, momwe achinyamata odzipereka ankasonkhanitsa ana m'midzi kunja kwa nthawi ya sukulu kuti aziwerenga ndi kubwerekana timabuku.

Ndalama zambiri zimapita ku ufa wa phala, shuga, kandalama ka sopo ka ophunzitsa, ndi mabuku. Makalasi alipo kale, amangokhala otseka. Pamene pali ana ndi achikulire osawadziwa bwino pafunikanso malamulo oteteza ana: wophunzitsa asatsale yekha ndi mwana m'chipinda, kaundula aitanidwe m'mawa uliwonse, ndipo atsikana asaweruke mochedwa.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Ena amati mwana, ngakhale wosauka, ayenera kupuma, ndipo holide ndi nthawi yake yokacheza kwa agogo ndi kuphunzira za kwawo. Ena amati mwana wa bwana sapuma, ali pa patitaimu, ndiye kumuuza wosauka kuti apume ndi kumusiya mmbuyo. Palinso mtsutso wa amene ayenera kusankhidwa. Mabungwe ena amatenga ana anzeru kwambiri a Sitandade 7 kuti awakonzekeretse mayeso a PSLCE, n'cholinga choti asankhidwire ku sekondale zogonera konko kapena zodziwika monga Masongola, Mulunguzi ndi St Mary's, poti mwana mmodzi akaphunzira amanyamula banja lonse. Ena amati m'mera mpoyamba, ndalama yochepayo ipite kwa ana a Sitandade 2 mpaka 4 amene sanagwire kuwerenga, chifukwa amenewo ndiwo amabwereza makalasi mpaka kusiya sukulu. Zolinga ziwirizi n'zosiyana, ndipo pulogalamu imodzi kawirikawiri singakwanitse zonse.

Funso lina ndi lakuti kodi holide ndiyo nthawi yabwino koposa. Anzathu a ku Zambia analiyesa. Poyambitsa pulogalamu yawo ya Catch Up, yophunzitsa mwana kuyambira pamene iye ali, mu 2016, m'sukulu 80 za zigawo za kummawa ndi kummwera, anayesa njira zitatu: mwezi wathunthu mkati mwa teremu, mwezi wa pa holide, ndi ola limodzi tsiku lililonse kwa materemu awiri. Unduna wawo unasankha ya ola limodzi patsiku, ndipo ndiyo inafalikira m'sukulu zambiri. Izi sizikutanthauza kuti ya pa holide ilibe ntchito, koma zikuonetsa kuti boma likamaganiza za dziko lonse limayang'ananso chimene aphunzitsi ndi makolo angachipirire chaka ndi chaka.

Ndipo phindu la holide imodzi limatha kuzilala. Pa kafukufuku wa RAND uja, mwayi wa masamu umene ana anaupeza chaka choyamba unali utachepa pofika chaka chotsatira. Mtsikana wa ku Songani uja pofika sabata yachinayi ankawerenga "nkhwangwa" ndi "mphwanga" mosajejema, ndipo anali atayamba kankhani ka ndime ziwiri. Tsiku lotsekera, wophunzitsa wake analemba pa kapepala dzina lake, pamene anayambira ndi pamene wafika, n'kukapereka kwa ahedi kuti akapatse mphunzitsi wa Sitandade 5. Anamubwerekanso timabuku tiwiri ta Chichewa toti akabweze sabata yoyamba ya teremu, atawerengera mng'ono wake.